Madzi Saiwala Khwawa: Ulendo wa ku Kariba

Pamene mwana wa mlongo wanga anabwera kumudzi kwathu ku Katete kudzatiuza kuti wasiya ntchito pa kampani ina yomanga misewu pofuna kubwerera kusukulu, agogo ake anamufunsa funso limene tonsefe tinali nalo mumtima. "Iwe mwana, kodi sunamalizebe? Nanga chija tinavinira tsiku lija chinali chiyani?" Iye anayankha mwaulemu kuti tsopano akufuna digiri ya udokotala. Agogowo anasangalala kwambiri, n'kumulozera bondo lawo lotupa. Koma atamva kuti udokotala wake ndi wa madamu, milatho ndi ngalande, osati wa jekeseni ndi mapiritsi, anatembenuka n'kupitiriza kuswa mtedza wawo osanenanso kanthu.

Ine ndinali mbali ya agogo. Ndagwira ntchito ya ulangizi wa zaulimi kwa zaka zambiri, ndipo ndimadziwa kulemera kwa malipiro a munthu mmodzi pa banja lonse. Malipiro a mwanayu ndiwo ankalipirira ang'ono ake awiri kusukulu ndi kugula feteleza wa amayi ake. Kuwasiya kwa zaka zinayi sichinali chinthu chaching'ono. Motero ndinamufunsa mosapita m'mbali kuti mlimi wa kwathu adzapindula chiyani ndi buku limene adzalembe, limene mwina adzaliwerenge ndi aphunzitsi atatu okha. Iye anati, "Amalume, funso lanu ndi labwino, koma sindingaliyankhe pansi pa mtengo wa mango uno. Tiyeni ku Kariba, ndikakuyankheni kumeneko." Tinanyamuka mu Okutobala 2024.

Kutsikira m'chigwa

Kuchokera ku Lusaka kukafika ku Siavonga pali mtunda wa makilomita pafupifupi 200. Msewu umadutsa ku Chilanga, kumene kuli fakitale imene inapereka simenti yomangira damu la Kariba, kenaka umawoloka mtsinje wa Kafue n'kuyamba kukhotakhota m'mapiri. M'matsitso amenewa magalimoto akuluakulu opita kumalire a Chirundu amayenda ngati akuwerenga mapazi, ndipo m'maphompho mumaoneka zotsalira za ena amene mabuleki anawakana. Munthu akamatsika amamva kutentha kukuwonjezeka pang'onopang'ono, mpaka mphepo yolowa pawindo imakhala ngati yochokera m'ng'anjo ya njerwa.

Tisanafike ku Chirundu tinakhotera kumanja. Kumeneko dziko linasintha. Mitengo ya tsanya inali itayoyola masamba, milambe inaima paliponse ngati nkhalamba zodikira mlandu, ndipo mbuzi zinali kulimbirana mthunzi wa nkhokwe zopanda kanthu. Chaka chimenecho mvula inakana, ndipo boma la Zambia linali litalengeza mu Febuluwale kuti chilala chafika pa mlingo wa tsoka la dziko lonse. Tikudutsa dera la Lusitu, maso anga a ulangizi anagwera pa zigwembe zakuya zimene madzi anakumba m'minda, ndi nthaka yoyera imene inatsala ngati chikopa cha ng'ombe yowonda. Ndinati anthu a kuno akufunika kuphunzitsidwa akalozera ndi udzu wa vetiva. Mwanayo anangoti, "Pobwerera tidzaima pano, Amalume. Malo ano ndi theka la yankho langa."

Tinagona ku Siavonga, tauni yomangidwa pa zitunda zoyang'ana nyanja. Madzi anali ataphwa kwambiri kotero kuti m'mphepete monse munali mzere wa miyala yotuwa wosonyeza pamene ankalekezera kale. Usiku umenewo tinadya nsima pa kuwala kwa kandulo, makilomita ochepa chabe kuchokera pa makina opukusa magetsi a dziko lonse. M'miyezi imeneyo madera ambiri a Zambia ankakhala mumdima mpaka maola 21 pa tsiku, chifukwa madzi opukusira magetsi anachepa. Kuwala kokhako kunali panyanja, kumene asodzi a kapenta anayatsa nyali zawo zokopera nsomba. Kapenta ameneyu si mbadwa ya Zambezi. Anachita kumutenga ku nyanja ya Tanganyika m'zaka za m'ma 1960, ndipo lero ndi ndiwo ya mabanja ambirimbiri, kuphatikizapo langa.

Pamwamba pa khoma

M'mawa tinaonetsa ziphaso zathu pa ofesi ya malire n'kutsika wapansi kupita pa khoma. Khoma la Kariba ndi lalitali mamita 128, ndipo kuchoka tsidya la Zambia kukafika tsidya la Zimbabwe ndi mamita pafupifupi 600. Silowongoka ayi. Ndi lopindika ngati uta, msana wake utalozera kunyanja. Mwanayo anandifotokozera kuti kupindikako ndiko mphamvu yake: madzi akamalikankha, khomalo limapatsira katundu wakeyo ku matanthwe a mbali ziwiri za phompho, monga mmene mtanda wa denga umapatsira kulemera kwake ku nsanamira. Motero damu lotere ndi lolimba malinga ngati thanthwe limene laliponda ndi lolimba. Kumbuyo kwake kuli nyanja yoposa masikweya kilomita 5,000, imene ikadzaza imasunga madzi ochuluka kuposa nyanja ina iliyonse yopangidwa ndi anthu padziko lapansi.

Ntchito yomanga inayamba m'chaka cha 1955, nthawi ya Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland. Panali mkangano wakuti damu limangidwe pa Kafue kapena pa Zambezi, ndipo boma la chitaganya linasankha Kariba. Magetsi ankafunika kwenikweni ku migodi ya mkuwa ya ku Copperbelt ndi ku mafakitale a ku Southern Rhodesia. Banki Yaikulu ya Dziko Lonse inabwereketsa madola 80 miliyoni m'chaka cha 1956, ngongole yaikulu koposa zonse zimene inali itaperekapo kufikira nthawi imeneyo. Mapulani anajambula ndi injiniya wa ku France, André Coyne, amene ankadziwika ngati katswiri wa madamu opindika, ndipo kampani ya ku Italy yotchedwa Impresit ndiyo inamanga. Koma manja amene ananyamula, kukumba ndi kuthira konkire yoposa makyubiki mita miliyoni imodzi anali a anthu akuda zikwizikwi, ambiri a iwo ochokera ku Nyasaland, kumene lero timati Malawi. Chinyanja chinalankhulidwa m'phompho limeneli khoma lisanaoneke. Anthu 86 amawerengedwa kuti anafera pa ntchitoyi, ndipo pa phiri la tsidya la Zimbabwe pali tchalitchi chozungulira cha St Barbara chimene amisiri a ku Italy anamanga powakumbukira.

Mtsinje sunagonje mwakachetechete. M'chaka cha 1957 unasefukira kwambiri n'kuononga zina zimene anali atamanga. M'chaka cha 1958 unabweranso ndi ukali woposa, madzi okwana makyubiki mita pafupifupi 16,000 akudutsa pa sekondi iliyonse. Unakokolola mlatho ndi kumiza mpanda umene unkatchinga malo ogwirirapo ntchito. Atonga, eni chigwachi, ankati Nyaminyami, mzimu wa mtsinje, wakwiya. Mainjiniya ankati kusefukira kotere sikunayenere kubwera m'moyo wa munthu mmodzi.

Apa mwanayo anandifunsa kuti, "Amalume, mukuganiza kuti anaphonya chifukwa sankadziwa masamu?" Ndinati kaya. Iye anati masamu awo anali abwino, koma zimene anaikamo zinali zochepa. Miyezo ya madzi a Zambezi imene anali nayo inali ya zaka makumi ochepa chabe, pamene mtsinjewo wakhala ukuyenda kuyambira kale lomwe. Munthu amene waona nyengo zochepa sangadziwe mvula yaikulu ya m'dziko. Chimene anachita bwino n'chakuti anavomera kuphunzitsidwa: anakulitsa njira yotayira madzi osefukira, ndipo lero khomali lili ndi zitseko zisanu ndi chimodzi. Mtsinje anautseka mu Disembala 1958, ndipo damu linatsegulidwa mwamwambo mu Meyi 1960 ndi mayi wa Mfumukazi Elizabeth ya ku Britain.

Dziwe limene linadya thanthwe

Anandikokera ku mbali ina ya khoma, yoyang'ana kumunsi kwa mtsinje, nati ndisuzumire. Pansi patali panali dziwe la madzi obiriwira, odekha ngati m'chitsime. Palibe mlendo angaganize kuti pamenepo ndi pamene panagona ngozi.

Zitseko zija zikatsegulidwa, madzi amalumpha kuchokera pamwamba n'kukagwa pa thanthwe la pansi pa mtsinje. Omanga ankadziwa kuti pamalo ogwerapo padzakumbika, koma ankayembekezera kuti dzenjelo lidzafika pena n'kuleka. Silinaleke msanga. Pa zaka pafupifupi makumi awiri zoyamba, pamene zitseko zinkatsegulidwa kawirikawiri, madzi anakumba thanthwe lolimbalo mpaka kuya kwa mamita pafupifupi 80, ndipo dzenjelo linkasendera chakumapazi a khoma lenilenilo. Pofika m'chaka cha 2014 nkhani inamveka m'nyuzipepala za m'chigawo chonse kuti ngati maziko a Kariba atafooka, madzi ake angathamangire ku damu la Cahora Bassa ku Mozambique, ndipo anthu oposa mamiliyoni atatu a m'chigwa cha Zambezi, kuphatikizapo a kumunsi kwa Shire, angakhale pa ngozi.

Ndinafunsa kuti zitheka bwanji madzi, chinthu chofewa chimene timasambitsira makanda, kuswa mwala wotere. Iye anati limenelo ndi funso limene mainjiniya anakhala nalo kwa zaka zambiri opanda yankho logwira mtima. Ankangoyerekeza kuya kwa maenje otere poona zimene zinachitika pa madamu ena. Kenaka wophunzira wina, Erik Bollaert, anatenga funso lomweli ngati mutu wa digiri yake ya udokotala ku sukulu ya ukachenjede ya ku Lausanne, m'dziko la Switzerland, ndipo anamaliza m'chaka cha 2002. Kwa zaka zingapo anakhala akulasa madzi othamanga kwambiri pa ming'alu yochita kupanga, akuyeza chimene chimachitika m'kati mwake. Anapeza kuti madzi osakanizika ndi mpweya akalowa mumng'alu samakankha mofanana nthawi zonse, koma amagunda mobwerezabwereza ngati hamala, ndipo mphamvu ya m'kati mwa mng'alu imatha kuposa ya pakamwa pake. Mng'alu umatalika pang'onopang'ono mpaka chibenthu cha thanthwe chimasuka, madzi n'kuchinyamula.

Patapita zaka, bungwe la Zambezi River Authority, limene maiko a Zambia ndi Zimbabwe anakhazikitsa m'chaka cha 1987 kuti liziyang'anira damuli, linafunika yankho la dziwe la Kariba. Ku Lausanne komweko anamanga kachifanizo kakang'ono ka damuli n'kumayesa njira zosiyanasiyana, ndipo njira yowerengera imene inachokera m'kafukufuku uja inagwiritsidwa ntchito. Yankho limene linatuluka linandidabwitsa. Sanati dzenje likwiriridwe, koma likulitsidwe. Anati akumbe mbali yake ya kumunsi kuti ikhale yotsetsereka ngati masitepe, kuti madzi akagwa azipeza njira yotulukira m'malo mozungulira n'kubwerera kukadya mapazi a khoma. Ntchitoyi inayamba m'chaka cha 2017. Anatchinga mtsinje ndi mpanda, anapopa madzi a m'dziwe, anaphwanya ndi kuchotsa miyala yokwana makyubiki mita pafupifupi 300,000, ndipo anamaliza m'chaka cha 2024, miyezi yochepa ife tisanafike. Ntchito yonse yokonza damuli, kuphatikizapo zitseko, inawerengedwa kuti idzadya madola 294 miliyoni. Zitsekozo zinali ndi vuto lawolawo: mankhwala a mu simenti ndi miyala ina ya mu konkire zikakhala m'chinyezi zimayambana, ndipo konkireyo imafufuma pang'onopang'ono kwa zaka zambiri, mpaka njira zimene zotsekera zimayendamo zimapindika.

"Ndiye udokotala ndi umenewo, Amalume," anatero. "Digiri yoyamba imakuphunzitsa zimene anthu akudziwa kale. Ya udokotala imakutuma kumene kudziwako kwathera. Umasankha funso limodzi laling'ono limene palibe analiyankha, umalitsata zaka zitatu kapena zinayi, umalemba zimene wapeza ndi njira imene wazipezera, kenaka akatswiri ena amakuzinga ndi mafunso kuti aone ngati zingapirire. Buku lake lingawerengedwe ndi anthu ochepa, koma msodzi wa ku Tete amagona pansi pa zimene zalembedwamo."

Anandiuzanso za André Coyne. Mu Disembala 1959, Kariba itangomangidwa kumene, damu lina limene iye anajambula, la Malpasset ku France, linagumuka usiku n'kupha anthu oposa 400 m'tauni ya Fréjus. Khoma lenilenilo linalibe chilema. Chimene chinagonja ndi thanthwe la pansi pake, limene linali ndi mng'alu wobisika, ndipo madzi analowamo n'kulikankha. Coyne anamwalira chaka chotsatira. Ngozi imeneyo inachititsa kuti maphunziro a kakhalidwe ka matanthwe akule kwambiri m'masukulu a zomangamanga. Ndinaima pamenepo ndikulingalira kuti ntchito imeneyi ndi yoopsa. Mlangizi akalakwitsa, mlimi amataya zokolola za chaka chimodzi. Injiniya akalakwitsa, cholakwacho chimatha kugona zaka makumi angapo, n'kudzadzukira anthu amene sanamuonepo n'komwe.

Zimene sizinayezedwe

Pobwerera tinaima ku Lusitu monga analonjezera. Pafupi ndi msewu pali malo otchedwa Ingombe Ilede, kutanthauza ng'ombe yogona, kaamba ka mlambe wina wogwa umene unkaoneka motero. M'chaka cha 1960, antchito akukumba maziko a thanki la madzi, anapeza manda akale okhala ndi mikanda ya golide ndi mitanda ya mkuwa, umboni wakuti anthu a m'chigwachi ankachita malonda ndi maiko akutali Azungu asanafike. Thanki limenelo linali la anthu amene anasamutsidwa pomanga damu.

Anthu pafupifupi 57,000 a mtundu wa Chitonga anachotsedwa m'midzi yawo, ena 34,000 tsidya lino ndipo ena 23,000 tsidya linalo. Mlimi aliyense amvetsa chimene anataya. M'mphepete mwa Zambezi ankakolola kawiri pa chaka: munda wa mvula, ndi dimba la pa nthaka yachonde imene mtsinje unkasiya ukaphwa. Dimba lotero silinkafuna kugoneka kapena kuthira manyowa, pakuti mtsinje unkalikonzanso chaka ndi chaka. Anasiyanso manda a makolo, malo opembedzerapo mvula, ndi abale a tsidya lina amene kale ankawayendera pa bwato. Anthu a mfumu Chipepo atauzidwa kuti apite ku Lusitu, kutali ndi kwawo, ena anakana. Mu Seputembala 1958, pamudzi wa Chisamu, apolisi a boma la atsamunda anawombera, ndipo amuna asanu ndi atatu anafa. Anthu pafupifupi 6,000 anawakweza m'malole n'kukawatsitsa ku Lusitu. Nthawi yomweyo dziko lonse lapansi linkawerenga za ntchito yotchedwa Operation Noah, imene inapulumutsa nyama zakuthengo pafupifupi 6,000 pa zilumba zimene zinkamira. Za anthu zinamveka pang'ono.

Pa mjigo wina tinakumana ndi mayi wachikulire amene anatilandira m'Chitonga chosakaniza ndi Chinyanja. Anati anabwera kuno ali kamtsikana, atakhala pamwamba pa katundu m'lole. Ndinawafunsa za zigwembe za m'minda. Anandiyang'ana nati, "Bambo, nthaka iyi inali ya anthu ochepa. Anatithira pano ambiri, ifenso tinabala, ana athunso anabala. Tikagoneka munda tidya chiyani?" Ndinachita manyazi ndi mawu anga a dzana aja. Ndinali nditaona zigwembe n'kuweruza alimi, osadziwa kuti zigwembezo zinayambira pa tebulo la mapulani zaka zoposa makumi asanu ndi limodzi zapitazo. Magetsi a Kariba ankadutsa pamwamba pa midzi ya anthu osamutsidwawa kwa zaka zambiri osatsikamo, ndipo ntchito yapadera ya boma yofuna kuwabwezera ndi misewu, madzi, zipatala ndi magetsi inadzayamba kumapeto kwa zaka za m'ma 1990.

Mwanayo anati zimenezi tikuzidziwa bwino chifukwa cha ofufuza awiri a ku America, Elizabeth Colson ndi Thayer Scudder, amene anafika m'chigwachi m'chaka cha 1956, madzi asanakwere. Scudder panthawiyo anali wophunzira wa digiri ya udokotala, koma ya kakhalidwe ka anthu. Awiriwa anatsata mabanja omwewo kwa zaka makumi ambiri, akulemba za minda, njala, imfa, maukwati ndi milandu. Anasonyeza kuti kusamutsa mudzi si kusuntha nyumba chabe, ndipo kuti umphawi wake umafika mpaka kwa adzukulu. Colson anadzakhazikika ku Monze, kumene anamwalira m'chaka cha 2016. Scudder anadzakhala mmodzi wa mamembala a bungwe la World Commission on Dams, limene lipoti lake la m'chaka cha 2000 linatsindika kuti anthu okhudzidwa ndi damu ayenera kumvedwa ntchito isanayambe, ndiponso kukhala pakati pa opindula nalo.

"Mukuona, Amalume," anatero, "amene anamanga Kariba anayeza thanthwe, simenti ndi madzi, koma dimba la mayi aja silinalowe m'masamu awo. M'Chingerezi dzina la ntchito yathu limatanthauza uinjiniya wa anthu wamba, kuusiyanitsa ndi wa asilikali. Tikaiwala anthuwo, tatsala ndi konkire yokha." Anawonjeza kuti pamene Zambia inalandira ufulu m'chaka cha 1964, inali ndi nzika pafupifupi 100 zokha za digiri ya ku yunivesite. Pa tebulo limene anaweruzirapo za chigwachi panalibe mwana wa mlimi wodziwa dimba.

Damu langa

M'galimoto ndinaulula chinthu chimene sindinkakonda kuchikamba. Zaka zambiri zapitazo ndinayang'anira ntchito yomanga damu laling'ono la dothi m'dera lina la kwathu. Midzi inayi inagwira ntchito miyezi isanu, amayi akusenza dothi m'madengu, malipiro ake chimanga. Mapulani anabwera kuchokera kutauni, ndipo amene anawajambula anafika pamalopo tsiku limodzi lokha, m'chilimwe, khwawa lili gwa. Mkulu wina wa m'mudzi anatilozera mtengo wa mkuyu n'kunena kuti chaka china madzi anafika pa nthambi yake yoyamba. Tinamuseka, ine ndi anzanga, popeza tinali ndi pepala. M'dzinja lachitatu mvula inagwa usiku wonse, njira yotayira madzi inachepa, madzi anadutsa pamwamba pa khoma n'kulidula pakati. Palibe anafa, koma madimba a mabanja ambiri anakwiririka ndi mchenga, ndipo kwa zaka zingapo anthu amenewo sankabweranso ku misonkhano yanga. Akuluakulu anati madzi saiwala khwawa.

Anakhala chete kanthawi, kenaka anandiuza kuti kafukufuku wake ndi wa madamu oterowo. M'chigawo chathu muli madamu aang'ono a dothi ambirimbiri omangidwa pa makwawa amene palibe anayezapo madzi ake. Njira zambiri zowerengera kukula kwa malo otayira madzi zinachokera ku maiko a mvula yosiyana ndi yathu, kapena ku nthawi imene mapiri anali ndi mitengo. Iye akuyesa kupeza njira yophatikiza miyezo ya mvula, mmene nthaka ya kumtunda yavalira kapena kuvulidwa, ndi zizindikiro za kusefukira zimene akuluakulu a m'mudzi amakumbukira, kuti womanga damu la mudzi asamangolota. Mkulu wa mkuyu uja, anatero, anali ndi muyezo umene ofesi inalibe.

Ndinamupempha kuti anene zimene komiti ya damu ingachite yokha popanda kudikira buku lake, ndipo ndikuzilemba pano kaamba ka anzanga ogwira ntchito m'midzi. Damu lisanamangidwe, funsani okalamba pamene madzi anafikapo patali koposa, muike chizindikiro, ndipo mumuonetse injiniya. Funsaninso amene adzataye munda kapena dimba, ndi amene amakhala kumunsi kwa khoma, ndipo mugwirizane nawo zolembedwa khasu lisanagwe pansi. Pomanga, dothi lithiridwe m'magawo opyapyala, lonyowa pang'ono, ndipo gawo lililonse litsenderedwe bwino lina lisanabwere. Likamangidwa, njira yotayira madzi isatsekedwe ndi zinyalala, minda kapena matumba a mchenga pofuna kusunga madzi ambiri, pakuti khoma la dothi silipirira madzi odutsa pamwamba pake. Pa khoma pakhale udzu, osati mitengo, chifukwa mizu ikaola imasiya njira za madzi. Chiswe ndi tinjira ta ng'ombe zisaloledwe pamenepo. Kumapazi a khoma muziyang'ana madzi otuluka: akakhala oyera ndi osachuluka, muziwayang'anira, koma akayamba kutuluka amatope kapena kuchuluka, ndiye kuti akunyamula dothi la m'kati mwa khoma, ndipo muitane injiniya msanga ndi kuchenjeza a kumunsi. Kumtunda kwa damu kukhale mitengo ndi akalozera, apo ayi mudzakhala mwamanga nkhokwe ya mchenga. Pomaliza, sukulu kapena komiti ikhale ndi choyezera mvula ndi kabuku kolembamo tsiku ndi tsiku. Kabuku kotero n'kotsika mtengo, koma ndiko chinthu chimene omanga Kariba anachisowa kokwanira.

Pobwerera kumudzi

Tinakwera matsitso aja dzuwa likulowa, kutentha kukutsalira kumbuyo. Sindinganene kuti nkhawa yanga yonse inatha. Ang'ono ake aja akufunikabe fizi, ndipo ndagulitsa ng'ombe imodzi kuti tigwirizize mpaka iye atamaliza. Ndikudziwanso kuti ambiri ophunzira kufika pamenepo amakathera ku maiko akutali, ndipo makwawa athu amatsala osayezedwa. Ndinamuuza zimenezi, ndipo iye sanalumbire kanthu. Anangondipempha kuti mvula ikayamba ndidzamuperekeze ku damu langa logumuka lija, akayeze mpata umene madzi anadula, ndiponso tikafunse ngati mkuyu uja ulipobe.

Titafika kumudzi, agogo anafunsa kuti kunyanjako tinaonako chiyani. Ndinawauza za khoma, za dziwe ndi za mayi a ku Lusitu. Anamvetsera akuswa mtedza, kenaka anatembenukira kwa mdzukulu wawo nati, "Chabwino, pita ukaphunzire. Koma ukadzabwera ndi udokotala wakowo, uyambire pa kamlatho ka ku chigayo kaja. Chaka chino ndi chachitatu tikuwoloka m'madzi."